Faiba iti pomanga resonator yofufuzira polarization: wamba, PM, yopota kapena ya akalilole?

Amene akufuna kumanga resonator (chida chomwe kuwala kumazungulira kapena kubwerera kambirimbiri mkati mwake) ya faiba, ulusi wa galasi wonyamula kuwala, mu labu, kaya ndi wophunzira wa digiri yachiwiri kapena mphunzitsi wa fizikisi amene wapeza kandalama ka kafukufuku, amathamangira kufunsa mtengo wa leza. Funso loyamba liyenera kukhala lina: kodi polarization (mmene funde la kuwala likugwedezekera) mukufuna kuiphunzira, kapena mukufuna ingokhala phee kuti muone zinthu zina? Yankho lake ndi limene limasankha faiba. Faibayo ikasankhidwa, ma coupler (zida zogawa kuwala pakati pa faiba ziwiri), makina owotcherera faiba ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku zimangotsatira, ndipo kubwerera m'mbuyo kumadula. Faiba ya PM (polarization-maintaining, yosunga polarization), yomwe ogulitsa amaitama kuti ndi yokhazikika, imafafaniza zinthu zenizeni zimene wofufuza polarization amazisaka. Faiba wamba imazionetsa, koma imafuna munthu woilera.

Zimene zimachitika mkati mwa mphete

Mukamanga chingwe pamtengo n'kumachigwedeza, mutha kuchikweza ndi kuchitsitsa, kuchigwedeza cham'mbali, kapena kuzunguza dzanja. Kuwala nako ndi funde, ndipo polarization ndi mmene fundelo likugwedezekera: mowongoka, mozungulira kumanja kapena kumanzere, kapenanso mozungulira mophwatalala.

Faiba ya single-mode (yokhala ndi njira imodzi yokha ya kuwala) imanyamula ma polarization awiri. Ikapindidwa, ikapanikizidwa, kapena pakati pake pakapanda kubulungira bwino, awiriwa amayenda pa liwiro losiyana pang'ono, ndipo kusiyanaku ndiko birefringence. Mukalumikiza nsonga ziwiri za faiba kudzera pa coupler n'kupanga mphete, kuwala kumazungulira kambirimbiri, ndipo mpheteyo imakhala ndi magulu awiri a ma resonance (ma frequency amene kuwala kumaunjikana mu mphete), gulu lililonse la polarization yake. Mphete ya mamita 100 imazunguliridwa mu theka la microsecond, choncho ma resonance ake amatalikirana pafupifupi 2 MHz. Ya mamita 10 amatalikirana 20 MHz.

Galasi la silica lilinso ndi khalidwe lotchedwa Kerr: kuwala kukakhala kwamphamvu, kumadzichepetsera liwiro. Mu faiba wamba ya SMF-28, watt imodzi pa mamita 100 imasuntha phase (pamene funde lafika pa kugwedezeka kwake) ndi pafupifupi 0.12 radian. Zikuoneka zochepa, koma mu mphete yotaya 15 peresenti ya kuwala pa kuzungulira kulikonse, finesse (mtunda wa pakati pa ma resonance ukagawidwa ndi kupingasa kwa resonance imodzi) imakhala cha pa 40, ndipo resonance yonse ndi yopingasa 0.15 radian basi. Watt imodzi ija ndiye yatsala pang'ono kusuntha resonance yathunthu. Kensuke Ikeda anaonetsa mu 1979 kuti mphete yotere imatha kukhala ndi makhalidwe angapo pa mphamvu imodzi ya leza, ngakhalenso kusokonekera mosalosereka. Luigi Lugiato ndi René Lefever analemba mu 1987 masamu omwe aliyense amagwiritsa ntchito lero, ndipo Marc Haelterman, Stefano Trillo ndi Stefan Wabnitz anawaonjezera polarization ya mu faiba mu 1994.

Pali nambala imodzi yoti muisunge pamtima powerenga zotsatirazi. Ofufuza amaitchula B. Imanena kuchuluka kwa mmene polarization imodzi imakankhira phase ya inzake, poyerekeza ndi mmene imadzikankhira yokha. Pakati pa ma polarization awiri owongoka, B ndi 2/3. Pakati pa ozungulira kumanja ndi kumanzere, B ndi 2. Mu faiba yaitali imene birefringence yake imasinthasintha mwachisawawa, zonse zimasakanizika mpaka B kufika pa 1. B ikaposa 1, mukalowetsa kuwala kofanana ndendende mu ma polarization awiri n'kumakweza mphamvu, pamafika poti kufananako sikukhalitsanso. Amene wakulako pang'ono amakankhira resonance ya mnzake kutali ndi leza, mnzakeyo n'kufookeratu, iye n'kukulirakulira. Uku ndiye kupendekeka kodzichitikira, symmetry breaking, ndipo palibe angadziwiretu kuti kupendekekera mbali iti. B ikakhala 2/3 kapena 1, kupendekeka kwa mtunduwu sikubwera ngakhale mukweze mphamvu motani.

Zoyezera

Choyezera chachikulu ndi chimenechi: kodi njirayo imalola ma resonance awiri aja kugundana pamalo amodzi, B ili pamwamba pa 1? Ngati polarization si nkhani yanu, funsolo mulitembenuze: kodi njirayo imatsekera polarization inayo kunja? Pambuyo pake pali zinayi zimene tiyezere njira iliyonse. Mtengo ndi wa faiba pamodzi ndi zida zimene faibayo imakukakamizani kugula. Kupezeka ndi kwa katundu komanso kwa mmisiri wodziwa kumugwira. Kusamalira ndi ntchito imene muzigwira m'mawa uliwonse musanayambe kuyeza. Zoopsa ndi zimene zingakuonongereni chida kapena kukupatsani zotsatira zonama.

Koma pali ndalama zomwe simungazithawe, kaya musankhe iti, ndipo n'zochuluka kuposa za faiba. Resonance ya mphete ya mamita 100 ya finesse 40 ndi yopingasa 50 kHz yokha. Leza wamba ya DFB ya makampani a lamya imasasantha pafupifupi 1 MHz, ndiye singakhale mkati mwa resonance yotere. Pamafunika leza ya linewidth (kusasantha kwa frequency yake) ya 1 kHz kapena kutsikirapo, monga Koheras ya NKT Photonics ya ku Denmark. Pamafunikanso amplifaya ya erbium, ma photodiode achangu, oscilloscope, ndi dongosolo la feedback lotsatiza leza pa resonance. Feedback si yokongoletsa. Kutentha kukasintha ndi digiri imodzi, njira ya kuwala mu mamita 100 a faiba imatalika ndi pafupifupi milimita imodzi, ndipo pa 1550 nm milimita imeneyo ndi mafunde opitirira 600. M'chipinda chopanda makina oziziritsira mwezi wa Okutobala, resonance imathawa mukuiona.

China chokhudza njira zonse: 0.1 dB ya kutaya ndi 2.3 peresenti ya kuwala pa kuzungulira kulikonse. Cholumikizira chomangira pamanja chimodzi chimatha kudya 0.3 dB, kuposa zomwe coupler ya 95/5 imatulutsa. N'chifukwa chake mkati mwa mphete amawotcherera, samangira. Ndipo kuwala kwa 1550 nm sikuoneka ndi maso, pomwe amplifaya imatulutsa mphamvu yokwanira kuwaononga. Magalasi oteteza maso alowe mu bajeti tsiku loyamba.

Njira yoyamba: faiba wamba ndi ma paddle

Iyi ndi mphete ya SMF-28 ya Corning kapena faiba ina iliyonse ya G.652, yokhala ndi chowongolera polarization chimodzi mkati ndi china panja. Chowongolera chodziwika ndi cha ma paddle atatu, chomwe Hervé Lefèvre anayambitsa mu 1980: faiba imakulungidwa pa timbale titatu, ndipo mukapendeka kambale mumasintha birefringence. Ma soliton (tizidutswa ta kuwala tosasintha maonekedwe poyenda) oyamba a m'mphete yopanda amplifaya mkati, omwe François Leo ndi anzake a ku Université libre de Bruxelles analengeza mu 2010, anaoneka mu mphete ya mamita 380 ya faiba wamba.

*Mtengo.* Palibe yotchipa kuposa iyi. Faiba yogula yambiri siikwana dola imodzi pa mita, ma coupler ake amapangidwa ochuluka chifukwa cha msika wa intaneti, ndipo makina owotcherera wamba ndi okwanira.

*Kupezeka.* Ndiyo faiba imene makampani a intaneti amakwirira m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, ndipo amisiri oiwotcherera alipo. Chowasiyanitsa ndi zofuna zanu n'chakuti kwa iwo 0.1 dB pa mfundo ndi ntchito yovomerezeka, pomwe inu mudzawapempha kudula n'kuyambiranso mpaka itsike. Muwauziretu, ndipo muwalipire nthawiyo.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene mtengo wotsika uja umabwezedwa. M'mawa uliwonse mumayendetsa leza mphamvu ili pansi, mumaona magulu awiri a nsonga za ma resonance pa oscilloscope, n'kumapendeka ma paddle amkati mpaka nsongazo zigundane. Kenako mumakonza chowongolera chakunja kuti kuwala kugawike mofanana. Masana kukatentha zimasiyananso. Wina akatsamira tebulo kapena kukhudza faiba yolendewera, mumayambiranso. Faiba yonse imatidwe ndi tepi, ikhale m'bokosi lotchingira mphepo ndi phokoso, ndipo bokosilo lisatsegulidwe pachabe.

*Zoopsa.* Choyamba, B simuidziwa mpaka mutaiyeza. Mu mphete ya faiba wamba polarization imasintha mtundu ikamayenda, ndiye B yeniyeni imagwera penapake pakati pa 2/3 ndi 2 kutengera mapindidwe, ndipo mphete ikatalika imayandikira 1. Wofuna kupendekeka asamange ya mamita mazana. Koma mphete yaifupi imafuna mphamvu zambiri: ya mamita 10 imafuna ma watt 10 mkati kuti ichite zimene ya mamita 100 imachita ndi watt imodzi. Pamenepo mumalowa mu ndalama za modulator ndi makina odulira kuwala kukhala ma pulse ogwirizana ndi nthawi yozungulira mphete.

Chachiwiri ndi Brillouin. Kuwala kosadukiza kukachuluka mu faiba kumadzutsa mafunde a phokoso m'galasi, ndipo mafundewo amabweza kuwala chammbuyo kutasuntha pafupifupi 11 GHz. Mphamvu yanu imathera kumeneko. Isolator (chida cholola kuwala kupita mbali imodzi yokha) mkati mwa mphete imatseka njirayo, koma imadya pafupifupi theka la dB, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a kuwala, ndipo ili ndi kakukondera kake ka polarization. Ma pulse aafupi amapewa vutoli popanda isolator.

Chachitatu ndi chobisika. Ngati kuwala sikunagawike mofanana ndendende, mbali imodzi imapambana nthawi zonse, ndipo zimene mukuona si kupendekeka kodzichitikira, ndi kukondera kwa chida chanu. Gulu la Stéphane Coen, Miro Erkintalo ndi Stuart Murdoch ku University of Auckland, pamodzi ndi Julien Fatome wa ku Dijon, linaonetsa mu 2020 kuti kukondera kuwiri kosiyana kutha kuthetsana. Pambuyo pake linapeza njira imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa kugula chida china chilichonse. Chowongolera chamkati amachiika mwakuti polarization imodzi itsalire theka la funde kwa inzake pa kuzungulira kulikonse. Zikatero, kuwala kozungulira kumanja kumasanduka kwa kumanzere ulendo wotsatira, n'kubwereranso. Kukondera kumene mbali imodzi yapeza ulendo uno, inayo imakupeza ulendo winawo, ndipo pakatha maulendo awiri kumafafanizika kokha. Ntchitoyi inatuluka mu Nature Communications mu 2024, ndipo njira yomweyo aigwiritsa ntchito popanga manambala achisawawa. Siifuna chida chatsopano. Chimene imafuna n'chakuti muzitha kuyeza ulendo uliwonse paokha, chifukwa zotuluka zimasinthana ulendo ndi ulendo, ndipo photodiode yaulesi imangokuonetsani mzere wosalala ngati palibe chachitika.

Njira yachiwiri: PM paliponse

Faiba ya PM siichotsa birefringence, imaikulitsa dala. M'mbali mwa pakati pake muli timitengo tiwiri ta galasi la boron tomwe timapanikiza galasilo likamazizira. Mtundu wa Panda unachokera ku kampani ya lamya ya NTT ku Japan, wa bow-tie ku University of Southampton, yonse kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Ma polarization awiri amasiyana liwiro kwambiri moti pa mamilimita ochepa okha amakhala atasiyana funde lathunthu, ndipo kupinda kapena kukhudza faiba sikuthanso kusamutsa kuwala kuchoka kwina kupita kwina.

*Mtengo.* Faibayo ndi madola angapo kapena makumi ochepa pa mita, zomwe si nkhani pa mphete yaifupi. Nkhani ndi yakuti chilichonse chiyenera kukhala cha PM: coupler, isolator, modulator, zingwe zonse. Ndipo makina owotcherera ayenera kutha kutembenuza faiba kuti timitengo tija tiyang'anizane. Makina otere, monga a Fujikura, amafika madola zikwi makumi angapo. Njira yopewera ndi kuitanitsa mphete yowotchereratu, koma ikaduka mulibe poikonzera.

*Kupezeka.* Thorlabs, Fujikura, Fibercore ndi Coherent amagulitsa, koma zonse n'zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo ma coupler a PM ena amapangidwa mukaitanitsa. Amisiri a intaneti aja sangakuthandizeni pano, chifukwa makina awo satembenuza faiba.

*Kusamalira.* Kochepa ndithu. Mumayatsa, polarization ili pomwe munaisiya. Koma musamve ngati feedback yatha ntchito. PM imasunga polarization, siisunga kutalika kwa mphete, ndipo mafunde 600 aja pa digiri iliyonse adakalipo.

*Zoopsa.* Mfundo yowotcherera yokhota ndi digiri imodzi imadonthezera kuwala kwa pafupifupi -35 dB ku polarization inayo. Ya madigiri 5 imadonthezera -21 dB. Mu chingwe chongodutsa izi sizidetsa nkhawa, koma mu mphete kuwala kodonthako kumapeza resonance yakeyake, ndipo tsiku limene kutentha kwagundanitsa ma resonance awiri mumaona zigwembe zosadziwika kochokera.

Choopsa chachikulu ndi kugula PM pofuna kuphunzira kupendekeka. Ma polarization ake ndi owongoka, ndiye B ndi 2/3. Kuonjezera apo, ma pulse a mbali ziwirizo amasiyana ndi picosecond imodzi ndi kanthu pa mita iliyonse, moti aafupi amapitirirana asanakankhane mokwanira. Pali kafukufuku wabwino amene amadalira kusiyana kwa liwiro kumeneku, monga kupanga ma frequency comb (kuwala kwa ma frequency ambiri otalikirana mofanana) awiri osiyana pang'ono mu chida chimodzi, koma imeneyo ndi nkhani ina, ndipo oichita amasankha PM akudziwa chifukwa chake.

Njira yachitatu: faiba yopota

Pokoka faiba, ndodo ya galasi imazunguzidwa mofulumira, mwakuti kupanda kubulungira kwa pakati pake kumaloza mbali zonse motsatizana n'kudzifafaniza. Lingaliroli linafotokozedwa ku Southampton mu 1981. Zotsatira zake ndi faiba imene imasunga polarization yozungulira bwino kuposa wamba, ndiye B imayandikira 2 ndipo kupendekeka kumayamba pa mphamvu yotsika.

*Mtengo.* Pa mita ndi yodula ngati PM kapena kuposa, koma mumangofuna mamita khumi kapena makumi awiri, ndipo makina owotcherera wamba amakwanira.

*Kupezeka.* Opanga ndi ochepa, monga Fibercore ku England ndi Exail ku France, ndipo msika wawo weniweni ndi zida zoyezera magetsi m'mawaya akuluakulu. Muwerenge bwino pepala la katunduyo. Ilipo yopota ya birefringence yochepa, iliponso yopota yokhala ndi timitengo ngati ta PM. Ziwirizi sizichita zofanana mu mphete.

*Kusamalira.* Ma paddle sachoka, chifukwa michira ya coupler imakhalabe ya faiba wamba. Kungoti mumawakhudza mocheperako.

*Zoopsa.* Ikakulungidwa mothina, kupindako kumabwezeretsa birefringence yomwe munalipira kuti ichoke, choncho muikulunge motakasuka. Ngati pakati pake ndi pocheperapo poyerekeza ndi SMF-28, mfundo ziwiri zoilumikizira zimadya finesse. Dispersion yake (kusiyana kwa liwiro pakati pa ma frequency a kuwala) pa 1550 nm ithanso kukhala yosiyana ndi ya faiba wamba, ndipo ndiyo imanena ngati muone ma soliton owala kapena malire akuthwa pakati pa zigawo ziwiri za polarization, omwe gulu la Auckland ndi Dijon linawaonetsa mu 2021. Mufunse nambalayi musanalipire.

Njira yachinayi: kachidutswa ka faiba pakati pa akalilole awiri

Pano palibe mphete. Kuwala kumapita n'kubwerera pakati pa akalilole awiri, kaya opakidwa pa nsonga za faiba kapena ma Bragg grating olembedwa m'galasi momwemo. Mtunduwu umatchedwa Fabry-Pérot. Popeza mulibe coupler, mfundo kapena isolator, kutaya kumachepa kwambiri ndipo finesse imafika mazana. Ku CSEM, bungwe la kafukufuku la ku Neuchâtel ku Switzerland, Ewelina Obrzud, Steve Lecomte ndi Tobias Herr anapanga ma soliton mu 2017 mu kachidutswa ka sentimita imodzi, ma resonance ake otalikirana pafupifupi 10 GHz. Gulu la Pascal Del'Haye, amene ali ku Max Planck Institute for the Science of Light ku Erlangen, linaonetsa mu 2022 kuti kuwala kowongoka kolowa mu resonator ya mtunduwu kumapendekekera kumanja kapena kumanzere pa mphamvu yotsika mpaka 7 mW.

*Mtengo.* Faiba ndi yaulere tingatero. Ndalama zili pa akalilole, chifukwa kupaka nsonga ndi ntchito ya kampani yapadera imene imalipiritsa pa ulendo wa makina, osati pa chidutswa. Kumbali ina, mphamvu yofunika ikatsika chonchi, amplifaya yaikulu mutha kuisiya. Pa kachidutswa kakafupi kwambiri ndalamazo zimabwerera pa zoyezera, poti zinthu za 10 GHz sizioneka pa oscilloscope ya m'kalasi.

*Kupezeka.* Ndiyo yovuta kupeza mwa zonse. Ma Bragg grating amagulidwa, koma awiri ogwirizana bwino ndi oitanitsa mwapadera. Zidutswa zopakidwa nthawi zambiri zimabwera kudzera mu ubale ndi labu ina imene ikupakitsa zake.

*Kusamalira.* Kachidutswa kakang'ono n'kosavuta kukasunga pa kutentha kumodzi ndi kachipangizo ka Peltier. Ukhondo ndiye ntchito yatsiku ndi tsiku. Nsonga iliyonse iyang'anidwe pa maikulosikopu isanalumikizidwe.

*Zoopsa.* Kafumbi kamodzi pa kalilole, mphamvu ili pamwamba, kamapserera pomwepo n'kuboola chopakacho, ndipo palibe kukonza. Mugule zidutswa zingapo. Isolator singalowe mkati, ndiye Brillouin mumakhala nayo, ndipo pa utali wa sentimita imodzi mtunda wa pakati pa ma resonance umayandikana ndi 11 GHz ija, zomwe zingailimbikitse mosayembekezera. Kuwala kopita ndi kobwerera kumakankhananso, kotero masamu a mphete sangakopedwe momwe alili. Ndipo pa kachidutswa komatidwa mu ferrule (kachubu kogwira faiba) mulibe poika ma paddle. Ngati guluu wapanikiza faiba n'kulekanitsa ma resonance awiri kuposa kupingasa kwawo, polarization ya chidutswa chimenecho yatsekeka. Resonator ya mamita awiri kapena atatu yokhala ndi ma Bragg grating imasiya malo oika chowongolera, n'chifukwa chake pa kafukufuku wa polarization ndimaikonda kuposa yaifupi.

Njira yachisanu: kompyuta yokha

*Mtengo.* Laputopu ndi Python. Masamu awiri olumikizana a Lugiato ndi Lefever amathetsedwa ndi njira ya split-step Fourier m'mizere yosafika zana.

*Kupezeka.* Lero lomwe. Zolemba zambiri za nkhaniyi zili pa arXiv kwaulere.

*Kusamalira.* Kusunga makope a ntchito, makamaka kumene magetsi amathimathima.

*Zoopsa.* Pa kompyuta B ndi 2 chifukwa mwailemba choncho, kuwala kumagawika mofanana mpaka nambala yomaliza, ndipo Brillouin kulibe pokhapokha mutaiika. N'kosavuta kupeza khalidwe lokongola limene mphete yeniyeni singalisunge. Muziika dala kukondera kwa 1 kapena 2 peresenti n'kuona ngati zotsatira zanu zipulumuka. Masamuwa amaganizanso kuti kuwala kumasintha pang'ono pa ulendo umodzi, ndiye pa finesse yotsika kapena mphamvu yaikulu mubwerere ku njira ya Ikeda yowerengera ulendo ndi ulendo.

Ndani atenge iti

Ngati mukufuna ma soliton kapena frequency comb, ndipo polarization kwa inu ndi chosokoneza chabe, tengani PM, bola mukhale ndi makina oiwotcherera kapena labu yoyandikana imene ili nawo. Ngati mulibe, faiba wamba yokhala ndi ma resonance awiri otalikitsidwa dala, leza ikulowa mu gulu limodzi lokha, imagwira ntchito yomweyo. Mungovomera kupendeka ma paddle m'mawa uliwonse.

Ngati mukufuna kupendekeka kodzichitikira ndipo bajeti ndi yothina, mangani mphete ya faiba wamba ya mamita khumi kapena makumi ochepa, muiyendetse ndi ma pulse, ndipo mukonzekere kuyambira pachiyambi njira ya theka la funde ija. Ndalama zimene mukanagulira PM zipite ku photodiode ndi oscilloscope zachangu. Labu imene yazolowera kale mphete yotere ndipo ikufuna B yodziwika, kapena malire a zigawo za polarization, ndiyo yoyenera kulipira faiba yopota. Woyamba kumene sangaone kusiyana kwake, chifukwa mavuto ake oyamba adzakhala feedback ndi mfundo zowotcherera.

Amene akuganiza za chida chaching'ono chodya mphamvu yochepa, monga chosinthira polarization ndi kuwala kokha, ayang'ane Fabry-Pérot, koma akhale ndi mnzake kumene akalilole amapangidwa. Chida chophunzitsira ophunzira a digiri yoyamba chikhale mphete yaifupi ya faiba wamba pa mphamvu yotsika: magulu awiri a nsonga akuyenda pa oscilloscope pamene wophunzira akupendeka paddle amaphunzitsa birefringence popanda amplifaya kapena ngozi ya maso, ndipo mphete ikafupika leza yotchipirapo imakwanira.

Wophunzira amene dipatimenti yake ilibe leza ya linewidth yoyenera asawononge chaka akudikira kuti igulidwe. Ayambe ndi kompyuta, apeze funso limene lapulumuka kukondera kwa 2 peresenti kuja, kenako afunefune milungu ingapo mu labu yokhala ndi zida. African Laser Centre, yomwe imayendetsedwa kuchokera ku bungwe la kafukufuku la CSIR ku Pretoria, imathandiza mgwirizano wa ofufuza za leza a ku South Africa ndi a maiko ena a mu Africa. Polemba kalata yopempha, atchule utali wa mphete, finesse ndi B zimene akufuna, kuti labuyo idziwiretu ngati ili ndi faiba yake.